Dzina la Eni Ake pa Gitala Langa

Atate anga anali mmisiri wokhoma maboti ku Yofu, ndipo lamulo lawo pa ntchito linali lodziwika: ukafuna kutengera mapangidwe a boti la mnzako, pita kaye ukamuuze. Osati kumunong'oneza mwakumana panjira, iyayi. Umapita kwawo dzuwa likuswa mtengo, n'kukhala pansi, n'kunena kuti, "Mphuno ya boti lanu yandisangalatsa, ndati ndidzaiyeze." Mwiniwake akavomera umayeza, koma pokhoma umasinthako chinthu chimodzi, kuti anthu akaliona boti lili patali adziwe kuti ili ndi la uje, lija ndi la uje. Ndinakula ndikuona amisiri akuyenderana chomwecho, ndipo mu uchitsiru wanga ndinkayesa dziko lonse limatero.

Ine maboti anandikana. Ndinalowerera ku mipando, zitseko, makabati ndi mabokosi a maliro, ndipo sindikudzitama, dzanja ndinali nalo. Pa chilumba chathu cha Likoma mmisiri alibe chuma china koma dzina lake. Ukakhoma mpando wogwedera ku Yofu m'mawa, pofika masana a ku Mbungo akuseka kale, ndipo kulibe mudzi wina woti ungathawireko kukayambanso. Dzina langa ndinkalisamala kuposa maso anga.

Chaka chimene dziko la ku Halale linasintha dzina n'kukhala Zimbabwe, amuna ambiri a kwathu anabwerera. Mmodzi wa iwo anali alamu anga, amuna a mlongo wanga wamkulu, amene anakwatiwa ku Mbungo. Alamuwo anatsika sitima pa doko la Chipyela atavala jekete kunja kukutentha, atanyamula bokosi lakuda lalitali lomwe amayi ena pa msika anati ndi mfuti. Munthuyo pakamwa panali potsekemera. Ankati ankaimba m'mahotela a azungu, ndipo ndani wa ife akanapita kukafunsa?

Atalitsekula bokosi lija pakhonde pawo, ine mtima unandithawa. Linali gitala la besi, la magetsi, lofiira, la nsambo zinayi zonenepa, thupi lake la nyanga ziwiri, ndipo kumutu kwake kunali dzina la kampani ya kunja lolembedwa mopendekera ndi penti wagolide. Besi yomwe tinkaidziwa ife inali babatoni ya chikopa cha ng'ombe, yoimba utaikhalira. Anthu ena onse ankafuna alamu aimbe. Ine ndinkangofuna kulitembenuza ndione mmene khosi analilumikizira ku thupi.

Anandibwereka sabata imodzi. Ndinang'amba thumba la simenti, n'kuliyala pansi, n'kugoneka gitala lija pamwamba, n'kuzunguliza pensulo. Timizere tachitsulo ta pakhosi ndinatiyeza kamodzikamodzi, kawirikawiri mpaka maso kuwawa, chifukwa ukaphonya pang'ono pokha gitala limanama moyo wake wonse. Thupi ndinasema la mbawa, khosi la mlombwa, matabwa ochokera kutsidya, poti kwathu mitengo yake ndi malambe ndi mango basi. Nsambo, makiyi okungira nsambozo ndi timaginito tomwe timatola mawu anapita kukagula alamu ku Blantyre. Miyezi itatu ndinali pa chinthu chimenecho, mpaka akazi anga anayamba kunena kuti ndakwatira wachiwiri. Mutu wake sindinatengere. Ndinaupinda mwanga, ngati mphuno ya boti la atate, ndipo sindinalembepo kanthu.

Tinaliyesa Loweruka lina masana pa bwalo la sukulu, pa chimkuzamawu cha alamu cholumikiza ku batire. Alamu ataligwira nsambo yaikulu, mawu ake anandilowa m'mimba. Anthu anakuwa, amayi kululutira, nkhuku kubalalika. Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali osaseka. Lero ndimadziwa chimene ankawerengera m'mutu mwawo, koma tsiku limenelo ndinkayesa ndi ulemu.

Atate okha ndiwo anandidikira kunyumba ndi funso. "Mwiniwake wamuuza?"

"Mwiniwake ndi alamu, atate. Anandibwereka okha."

"Alamu ako anangogula. Ndikunena amene anakhala pansi n'kuganiza nyanga ziwirizi. Wamuuza?"

Ankanena zoona. Ife a pa Likoma sukulu inatipeza kale, Chingerezi sitichiopa, ndiye ndinagula pepala labwino n'kulemba kalata kwa kampani ija. Keyala ndinaipeza pa kapepala komwe kanali m'bokosi la gitala. Ndinalemba katatu ndisanakhutire. Ndinawauza kuti ndine kalipentala wa pa chilumba chakuti, mwana wa mmisiri wa maboti, kuti mapangidwe awo andisangalatsa ndipo ndayeza, kuti mutu ndasintha monga mwa mwambo, ndipo ndikupempha andilole ndipange ena. Kumapeto ndinaika moni kwa amisiri awo onse. Sekani, palibe kanthu, nanenso ndimaseka masiku ena. Koma kalata imeneyo ndinailemba ndi mtima woyera.

Ndinkati ndikaponye pa positi ya pa Chipyela, koma alamu anaigwira. "Positi ya kuno kalata imagona miyezi, alamu. Ndipatseni, ndikaiponya ndi dzanja langa ku Blantyre, ipita pa ndege." Ndinawathokoza mpaka kuwaperekeza ku sitima nditawanyamulira chikwama.

Anabwerera patapita miyezi iwiri, akumwetulira kuchokera m'boti lotsitsa anthu. Asanaponde mchenga anakuwa kuti, "Alamu, avomera!" Ananena kuti kampani ili ndi wowaimira ku Blantyre, mwini sitolo yaikulu, ndipo ndiye anaitanidwa pa lamya kuchokera kunja. Akuti azungu anasangalala kwambiri kumva kuti ku Malawi kuli mmisiri wotere. Koma anapereka malamulo awiri: mutu usasinthidwe, ukhale ndendende ngati wawo, ndipo dzina lawo lilembedwepo, chifukwa tsopano ndine mmisiri wawo.

Mmisiri wawo! Ine wa ku Yofu, wopala matabwa pansi pa mtengo wa mango! Ndinayenda kuchoka pa Chipyela kukafika kwathu osadziwa kuti miyala ikundibaya.

Atate anamvetsera nkhani yonse akusoka tharauza lawo, kenaka anati, "Kalata yake ili kuti?"

"Anayankha pa lamya, atate."

"Munthu wamulembera kalata, iye n'kuyankha kwa wina? Ndipo mmisiri wanji amene amakuuza kuti usasinthe kanthu?"

Apa ndiye pamene ndimadziluma chala mpaka lero. Ndinawakalipira. Ndinati zimenezo n'za maboti, izi ndi za makampani, inu simunatulukepo pa chilumba pano. Ndinanena mawu amenewo kwa munthu amene anandiphunzitsa kugwira sowo. Analuma ulusi n'kupitiriza kusoka, ndipo za magitala sanandifunsenso.

Mayina a maboti ndinkalemba ndine m'dera lathu lonse, choncho dzina la kampani lija silinandivute. Ndinaliyeserera pa thabwa masiku awiri, kupendekera kwake, kamchira ka chilembo chomaliza, mpaka alamu ataika langa ndi lenileni pamodzi sanathe kusiyanitsa. Anaomba m'manja, ine n'kumatupa. Amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi yake siidziwa kuti mwambiwo ukunena iyo.

Ndinapanga asanu ndi limodzi m'zaka ziwiri. Lililonse alamu ankalikulunga m'bulangete n'kupita nalo pa sitima, akuti kwa wowaimira uja. Ndipo pakamwa pangapa sipanatseke. Ndinauza a kwaya ku tchalitchi chachikulu, ndinauza asodzi, ndinauza ngakhale ansembe atabwera kudzakonzetsa kabati. Anthu anayamba kundiitana kuti "a kampani." Pa maliro ankandipatsa mpando. Ndikamadutsa pa msika amayi ogulitsa utaka ankaloza kuti, ameneyo zinthu zake zikudziwika mpaka kunja.

Tsiku lina la sitima, chakumasana, ndinali ndikupala chitseko pamene ndinaona gulu likutsika kanjira ka ku Chipyela. Kutsogolo kunali mwamuna wamtali, wachilendo, wa magalasi akuda, atanyamula bokosi la gitala. Iye anangofunsa dzina langa pa doko, ndipo anthu, poyesa kuti ndi bwana wa kampani wabwera kudzandiona, anamuperekeza okha, ena mpaka kusiya malonda awo. Ndinapukuta manja n'kumupatsa mpando. Anakana kukhala.

Anaika bokosi pa chitseko ndinkapala chija n'kulitsekula. Linali lachinayi langa, lakuda. Ndinalizindikira ngati mwana wanga.

"Munapanga ndinu ili?"

"Ndine, bambo," ndinatero mokweza kuti onse amve.

"Ndiye ndinu wakuba amene ndakhala ndikumufunafuna."

Munthuyo anafotokoza, osafulumira, ngati akuwerenga mlandu. Anali woimba besi m'gulu lina la ku Blantyre. Gitalalo analigula kwa munthu wa jekete, m'chipinda chakuseri kwa malo omwera mowa, amene analumbira kuti latsika pa ndege kuchokera kunja sabata yomweyo. Analiimba chaka chathunthu akunyada nalo. Kenaka kawaya kena kanaduka m'kati, n'kupita nalo kwa wokonza mawailesi. Wokonzayo atamasula kachivundikiro ka kumbuyo, anayamba kuseka n'kuitana anzake. M'kabowo momwe mumakhala mawaya munali molembedwa ndi pensulo dzina langa, ndi mawu akuti Yofu, Likoma. Ndinali ndi chizolowezi chimenecho pa chilichonse chotuluka m'manja mwanga: kunsi kwa mpando, kuseri kwa kabati, ndinkalemba. Sindinaganizepo kuti n'chinthu choti ndiwauze alamu.

"Anzanga a m'gulu akhala akundiseka mwezi wonse," anatero. "Akuti ndimaimba bwato. Sindinabwere kudzatenga kanthu. Ndabwera kudzaona nkhope ya munthu amene anandipusitsa."

Magazi anandikwera. Ndinati, "Bambo, samalani pakamwa, pano ndi pakhomo panga. Ine ndinapempha, kampani inandilola. Wowaimira wawo ku Blantyre akudziwa."

"Wowaimira uti? Sitolo yake iti? Kalata yake muli nayo?"

Funso lomwe lija la atate, tsopano m'kamwa mwa mlendo, pamaso pa anthu a ku Yofu ndi a ku Chipyela. Wina kumbuyo anati, "A kampani!" ndipo ena anaphulika kuseka. Atate anali atakhala pakhonde pawo, patali pang'ono. Anadzuka pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba.

Sitima inali itapitirira kumpoto, yobwerera patapita masiku atatu, ndipo mlendoyo analibe wachibale pa chilumba. Nanga tikanamusiya agone pa mchenga? Akazi anga anamuyalira m'chipinda cha ana. Munthu amene ananditchula wakuba pagulu anadya kondowole wanga, nsima yathu ya chinangwa, masiku atatu, tikusamba m'manja m'beseni limodzi, osayang'anana.

M'mawa mwake ndinauyamba wa ku Mbungo ndekha. Alamu anali atabwera sabata yapitayo kudzatenga lachisanu ndi chiwiri, lomwe linali lisanaume vanishi. Nkhani inali itandifikira kale kumeneko, monga mwa masiku onse. Ndinawapeza atakhala pa mpando womwe ndinawakhomera ine paukwati wawo, akudula zikhadabo. Mlongo wanga anali pambali akusenda chinangwa chovuula m'madzi.

Sindinapereke moni. "Alamu, kalata yanga ija munaiponya?"

Anapemerera zikhadabo. "Khalani pansi, alamu."

"Munaiponya?"

"Kuiponya kuti? Koma inu! Mukuyesa kampani ndi nkhalamba ya ku Mbungo yoti mukaigwadire n'kuipempha mphuno ya boti? Akanailandira kalata imeneyo akanatitumizira apolisi. Ndinakupulumutsani."

"Ndiye wowaimira uja?"

"Aaa, alamu, mukanavomera kulemba dzina lija ndikanakuuzani zoona? Ndani m'tauni angagule gitala la ku Yofu? Munkafuna magitala anu aimbidwe, aimbidwa. Pa wailesi lamvekapo lanu, mukudziwa?"

Ndinati mwandisandutsa wakuba pamaso pa atate anga. Apa anaika kampeni pansi n'kundiyang'ana m'maso, mopanda manyazi ngakhale pang'ono.

"Ine ndinakusandutsani? Anagoneka gitala la eni ake pa thumba la simenti ndani? Kalata munalemba musanajambule kapena mutamaliza kale? Dzina lija, dzanja lake ndi la yani? Ine kulemba mopendekera sindidziwa, alamu."

Ndikanakhala ndi nyundo m'manja sindikudziwa chimene ndikanachita. Chimene chinandipweteka n'chakuti m'bodza lawo lonse munali fupa limodzi loona, ndipo analidziwa pomwe lili. Ndinayezadi ndisanapemphe. Atate sakanayeza boti la munthu asanakhale pakhomo pake. Koma kulakwa kwangako ndinkafuna kukukonza, ndipo munthu amene ndinam'tuma kukakonza ndiye anakutenga n'kukusandutsa msika.

Ndinatembenukira kwa mlongo wanga, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda. "Achemwali, mukumva zimene akunena amuna anu?"

Sanadzutse mutu. Anapitiriza kusenda. "Ndinkadziwa, achimwene."

"Munkadziwa?"

"Kalata ija inakhala m'sutikesi mwawo mpaka chaka chatha. Ndinayatsira moto ndine."

"Zaka ziwiri, achemwali! Munkabwera kwathu, munkandimva ndikuuza anthu, munkandiitana nanunso kuti a kampani!"

"Nanga ndikanatani? Munali osangalala. Chibadwire sindinakuoneni mukusangalala chomwecho."

Alamu sanandidabwitse kwenikweni, pakamwa potsekemera pamakhala potero. Koma mlongo wanga! Ndinaima pabwalo paja, ndipo ndinalira, munthu wamkulu wa ana anayi, pamaso pa anthu amene anali kusuzumira m'mipanda. Amati chibale ndi fupa sichiola. Sichinaole, zoona, pa maliro timakhala limodzi, koma kuyambira tsiku limenelo sindinadyenso chakudya cha m'nyumba mwake.

Lamlungu ndinapita ku tchalitchi chifukwa kusapita kukanakhala kuvomera. Palibe amene ananditukwana. Kwathu satukwana, amangosuntha pang'ono pa benchi. Bambo wina amene anandiuza za zitseko za nyumba yake yatsopano anandipeza panja n'kunena kuti wayamba waganiza kaye. Mayi wina anandifunsa, akumwetulira, ngati mabokosi a maliro nawonso ndimalembapo mayina a kunja. Atate anayenda nane ulendo wonse wobwerera ku Yofu osatchula kanthu, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

M'mawa wa tsiku la sitima ndinamupeza mlendo uja pakhonde, gitala lili pamiyendo, akuliimba chopanda magetsi. Zala zake zinkayenda mosavutika, ndipo kanali koyamba kumva chinthu changa m'manja mwa munthu wodziwadi. Anasiya, n'kusisita khosi lake ndi chikhatho.

"Ndagwirapo enieni awiri," anatero osandiyang'ana. "Khosi ili ndi labwino kuposa onsewo. Silinapindike chaka chonse, dzuwa kapena mvula."

Anali mawu oyamba abwino amene ndinamva sabata imeneyo, ndipo anandipatsa mphamvu yonena zimene ndinakonza. Ndinabweretsa sandipepa ndi kabotolo ka penti n'kukhala pansi patsogolo pake, monga amakhalira wopempha.

"Bambo, ndinakulakwirani, ngakhale sindinkadziwa. Ndiloleni ndikonze. Ndifute dzina la eni akelo. Sitima isanalire ndikhala nditalemba langa, poyera, kuti amene akuseka aseke akudziwa amene anapanga. Mwanena nokha kuti khosi ndi labwino."

Anapukusa mutu.

"Ayi, akulu. Akudziwa ndi anzanga asanu okha ndi wokonza mawailesi uja. Anthu ovina sadziwa. Eni mahotela akamatiitana amayang'ana zida, amawerenga dzina limeneli. Mukalifuta, sabata yamawa apeza woimba besi wina. Nanenso ndili ndi ana."

"Ndiye lipite chomwechi, ndi bodza lolemba dzanja langa?"

"Lipite chomwechi." Anatembenuza gitala lija chafufumimba pamiyendo pake, n'kutulutsa kasikuludiraiva m'thumba la malaya. Anamasula kachivundikiro ka kumbuyo, n'kuika timisomali pa mpando mosamala. "Ngati mukufunadi kundikonzera, futani ili. Waya akadzadukanso ndisadzasekedwe kawiri."

Ndinayang'ana m'kabowo muja. Dzina langa linali momwemo, pensulo yosafufutika n'komwe, ndi mudzi wanga pansi pake. Pa gitala lonselo mawu oona anali okhawo. Ndinafuna kumuuza kuti achoke pakhomo panga, koma munthuyu sanandilakwire kanthu, ndipo anali ndi ufulu wosankha mmene ndimupepesere.

Kabowo kanali kakang'ono, dzanja silikanalowa. Ndinang'amba kachidutswa ka sandipepa, n'kukakulunga ku chala, n'kuyamba kupala. Mbawa ndi mtengo wofewa, sizinatenge nthawi. Iye anapemerera fumbi, anasuzumira kuti aone ngati patsala chilembo, n'kundilozera pakona pomwe panali pakuonekabe pang'ono. Ndinapalanso pamenepo.